Muonjezi "mochedwa" ndi mawu amene amati ndi ofanana naye

Mawu akuti "mochedwa" timawamva tsiku ndi tsiku pawailesi, m'misonkhano ndi m'makalasi: mvula yayamba mochedwa, malipiro afika mochedwa, odwala akubwera kuchipatala mochedwa. Poti ndi mawu ozolowereka, alembi, akonzi ndi aphunzitsi ambiri saona chifukwa chowafatsira. M'nkhani ino tikufuna kudzudzula zizolowezi ziwiri zimene zamera mizu m'zolemba zathu. Choyamba ndi kundandalika mawu monga "pang'onopang'ono", "mozengereza" ndi "mwachidodo" pambali pa "mochedwa" ngati kuti wolemba angatole alionse mwa mawuwa tanthauzo osasintha. Chachiwiri ndi kulemba "mochedwa" pamalo pamene Chichewa chili ndi mawu ake ena. Mfundo yathu ndi yakuti "mochedwa" amangoyeza nthawi, pamene anzake ambiri amaweruza munthu. Wolemba amene sasiyanitsa ziwirizi amatsutsa wosalakwa, kapena kubisa wolakwa.

Kapangidwe ndi kalembedwe

Muonjezi uyu amachokera kwa mneni "chedwa". Mo- wa kumayambiriro ndi chidule cha "mwa" ndi "ku-", motero "mwa kuchedwa" anafupika n'kukhala "mochedwa", monga momwe "wa kuchedwa" anakhalira "wochedwa" ndipo "cha kuchedwa" anakhalira "chochedwa". Kufupika kotere sikuchitika ngati tsinde la mneni lili ndi phatikizo limodzi. N'chifukwa chake timanena kuti "chakudya", "wakuba" ndi "mwakuya", koma "chophika", "wolanda" ndi "mozama". Popeza mo- sangaime payekha, mawuwa tiyenera kuwalemba mophatikiza. Kulemba kuti "mo chedwa", monga timaonera m'zolemba za ophunzira ena, ndi kulakwa.

M'mabuku akale a amishoni, ndiponso m'Chinyanja cholembedwa ku Zambia, mawuwa amaoneka kuti "mocedwa". Kusiyanaku n'kwa kalembedwe chabe. Ku Malawi kuno, malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa m'chaka cha 1973 anaika ch m'malo mwa c. Mkonzi wokonzanso buku lakale kuti lisindikizidwe kuno asinthe lembo lokhalo, tanthauzo alisiye mmene lilili.

Tikayang'anitsitsa mneni "chedwa" tiona kuti ali ndi maonekedwe a msintho wochitidwa. Aneni a phatikizo limodzi amalandira -edwa: "dya" amakhala "dyedwa", "pha" amakhala "phedwa", "ba" amakhala "bedwa". Potsata njira yomweyo, "cha" wa m'mawu akuti "kunja kwacha" amatipatsa "chedwa". Munthu wochedwa ndiye amene kunja kwamuchera asanachite chimene anayenera kuchita kusanache, monga kunyamuka ulendo kapena kufika kumunda. Chiswahili nachonso chili ndi "kucha" ndi "kuchelewa" pa matanthauzo omwewa. Kapangidwe kameneka kakutiphunzitsa chinthu chofunika. Kuchedwa ndi chinthu chimene chimamugwera munthu pamene nthawi yamupitirira. Mnenimu mulibe ulesi, mulibe mphwayi, mulibe kukana. Mukangokhala zinthu ziwiri: nthawi imene inkayembekezeka ndi nthawi imene chinthu chachitikadi.

Matanthauzo awiri

Taonani ziganizo izi:

(a) Basi ya ku Mzuzu inafika mochedwa.
(b) Mwanayu anayamba kuyankhula mochedwa.
(c) Agogo amayenda mochedwa chifukwa cha bondo.
(d) Wophunzirayu amalemba mochedwa.

Mu (a) ndi (b), "mochedwa" akutanthauza kuti chinthu chinachitika nthawi yake itadutsa. Akuyankha funso lakuti "liti?" kapena "nthawi yanji?". Mu (c) ndi (d) akutanthauza kuti ntchitoyo imatenga nthawi yaitali kuposa mmene zimakhalira. Akuyankha funso lakuti "motani?". Chimene chimatsogolera womvera ndi mtundu wa mneni. Aneni onena za chinthu chochitika kamodzi n'kutha, monga fika, dzuka, yamba, badwa ndi zindikira, amapereka tanthauzo loyamba. Aneni onena za ntchito yopitirira, monga yenda, lemba, werenga ndi lima, kawirikawiri amapereka tanthauzo lachiwiri.

Nthano ya bilimankhwe ndi buluzi, imene makolo ankafotokozera chiyambi cha imfa, imalumikiza matanthauzo awiriwa bwino lomwe. Bilimankhwe anatumidwa ndi uthenga wa moyo, koma anayenda mochedwa, motero anafika mochedwa, buluzi atanena kale uthenga wa imfa. M'chiganizo chimenechi "mochedwa" woyamba ndi wa kayendedwe, wachiwiri ndi wa nthawi. Kuyenda mochedwa kumabala kufika mochedwa, koma munthu angathe kuthamanga ndi liwiro lonse n'kufikabe mochedwa ngati sanalawirire.

Apa pali phunziro kwa aphunzitsi a galamala. Ambiri amauza ophunzira kuti muonjezi aliyense woyamba ndi mo- ndi wamchitidwe. Lamulo limeneli limathandiza pa mawu monga "mokondwa", "mofuula" ndi "mosamala", koma pa "mochedwa" limasocheretsa. Wophunzira amene walemba kuti "mochedwa" wa m'chiganizo (a) ndi muonjezi wa nthawi wakhoza, ndipo sayenera kumanidwa malikisi chifukwa chakuti mawuwo ayamba ndi mo-. Mtundu wa muonjezi tiziudziwira pa ntchito imene akugwira m'chiganizo. Njira yapafupi yoyesera ndi kufunsa mawu otsutsana nawo. Ngati otsutsana nawo ndi "molawirira", muonjeziyo ndi wa nthawi. Ngati ndi "mwaliwiro" kapena "mwachangu", ndi wamchitidwe. Mawu akuti "msanga" ndi "mofulumira" sathandiza pa muyesowu chifukwa nawonso ali ndi matanthauzo onse awiri.

Palinso ziganizo zimene zimalola matanthauzo awiri nthawi imodzi. "Wodwala anadya mochedwa" angatanthauze kuti chakudya chinamupeza nthawi itapita, kapena kuti ankatafuna pang'onopang'ono. Polankhula, womvera amafunsa n'kumvetsa. Polemba, makamaka m'malipoti ndi m'malangizo a zaumoyo, wowerenga alibe womufunsa. Pamenepa mkonzi achotse "mochedwa" n'kuika mawu a tanthauzo limodzi: "anadya nthawi ya chakudya itadutsa", kapena "ankadya pang'onopang'ono".

Mawu amene amati ndi ofanana naye

Funso lakuti "perekani mawu ofanana m'matanthauzo" ndi lodziwika m'makalasi ndi m'mayeso a Chichewa. Funsoli si loipa. Choipa ndi mndandanda umene umaperekedwa popanda chiganizo, ophunzira n'kuuloweza pamtima. Tiyeni tione mawu ena amene amaikidwa pamodzi ndi "mochedwa".

"Pang'onopang'ono" amafanana ndi "mochedwa" wamchitidwe yekha, ndipo ngakhale pamenepo kufananako sikokwanira. "Pang'onopang'ono" sanena kuti pali nthawi imene yaphonyedwa. Kawirikawiri amayamikira. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Namwino amauza wodwala kuti amwe phala pang'onopang'ono, ndipo mlangizi amauza mlimi kuti athire madzi pa nazale pang'onopang'ono. Palibe amene angalangize mnzake kuti amwe phala mochedwa. Komanso sitinganene kuti "basi inafika pang'onopang'ono" pofuna kutanthauza kuti inafika nthawi itatha.

"Mozengereza" amanena za mtima wa wochitayo. Wozengereza akudziwa chimene ayenera kuchita, njira ilipo, koma akukankhira mtsogolo kapena akukayika. Choncho mawuwa amayenera munthu, bungwe kapena boma, osati mvula kapena basi. Kunena kuti "mfumu inaweruza mlandu mochedwa" ndi kufotokoza chabe, pakuti mwina mboni zinali kutali. Kunena kuti "mfumu inaweruza mlandu mozengereza" ndi kuiimba mfumuyo mlandu. Mtolankhani amene asinthanitsa mawu awiriwa pofuna kupewa kubwereza mawu amodzi wasintha nkhani yonse.

"Mwachidodo" amanyoza kuposa "mozengereza". Chidodo ndi khalidwe la munthu wosatekeseka, wochita zinthu mopanda changu pamene anzake akumudikira. "Mwamphwayi" amaloza kusowa chidwi. "Monyinyirika" amaloza kusafuna, munthu akuchita ntchito mtima uli kwina. "Mwaulesi" amaloza kuopa thukuta. Mawu onsewa amatchula chimene chimabweretsa kuchedwa, koma si kuchedwa kwenikweniko. Munthu angagwire ntchito monyinyirika n'kuimaliza nthawi yabwino, ndipo wina angaigwire mwakhama n'kuimaliza mochedwa.

Mbali inayo kuli "modekha", "mofatsa" ndi "mwachifatse". Awanso amanena za ntchito yosathamangira, koma amaitamanda. Mwambi umati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wowumba mbiya amene akugwira ntchito mwachifatse sakuchedwa, pakuti nthawi imene akutengayo ndiyo imene dongo limafuna.

Mawu amene amayandikira kwenikweni "mochedwa" wa nthawi ndi magulu a mawu monga "nthawi itatha", "nthawi itadutsa" ndi "nthawi itapita". Awa saweruza aliyense, ndipo wolemba angawasinthanitse ndi "mochedwa" mosaopa. Pali zining'a ziwiri zimene zimaonjezera pamenepa. "Madzi atafika m'khosi" amatanthauza kuti munthu wachita kanthu zinthu zitaipa kale, ngakhale kuti mwayi wopulumuka ungakhalepo pang'ono. "M'mbuyo mwa alendo" amatanthauza kuti mwayi watheratu, ndipo chimene chachitikacho sichithandizanso. Wofika kumsonkhano mochedwa amamvako mfundo zotsala. Wofika m'mbuyo mwa alendo amapeza mipando ikupindidwa. "Mochedwa" payekha sanena ngati kuchedwako kwawononga zinthu kapena ayi. Wolemba wofuna kunena kuti zonse zatayika asadalire muonjezi yekhayu.

Chichewa chilinso ndi njira zochepetsera kapena kukulitsa kuchedwako popanda kubwereka mawu ena. "Mochedwerako" ndi "mochedwerapo" amanena za kuchedwa pang'ono, ndipo amamveka mwaulemu polankhula ndi wamkulu. "Mochedwa kwambiri" ndi "mochedwa zedi" amakulitsa. Alembi a makalata a m'maofesi angapindule ndi kusiyana kumeneku. Kalata yakuti "lipoti lanu lafika mochedwerako" imakumbutsa, pamene yakuti "lafika mochedwa kwambiri" imadzudzula.

"Mosachedwa", "posachedwa" ndi "posachedwapa"

Mawu atatu awa amachokera kwa mneni yemweyo, ndipo amasokonezedwa kawirikawiri. "Mosachedwa" amatanthauza kuti chinthu chachitika kapena chichitike popanda kutaya nthawi: "atamva mfuu, anthu anafika mosachedwa". "Posachedwa" amaloza nthawi ya mtsogolo imene ili pafupi: "mvula iyamba posachedwa". "Posachedwapa" amayang'ana uku ndi uku. Tinganene kuti "anamwalira posachedwapa", tinganenenso kuti "sukulu zitsegulidwa posachedwapa". Chimene chimaonetsa ngati tikunena za kale kapena za mtsogolo ndi nthawi ya mneni. Pa mitu ya nkhani m'nyuzipepala, pamene mneni amafupikitsidwa kapena kusiyidwa, mkonzi asamale kuti wowerenga asaganize kuti chinthu chachitika kale pamene chikubwera kumene. Tizindikirenso kuti "posachedwa" si mawu otsutsana ndi "mochedwa". Wophunzira akafunsidwa mawu otsutsana ndi "anadzuka mochedwa" ayankhe kuti "anadzuka molawirira" kapena "anadzuka msanga".

Pamene "mochedwa" walowa m'munda wa eni

Chingerezi chili ndi mawu amodzi amene amagwira ntchito zingapo. Amanena za munthu wofika nthawi itatha, za nthawi ya usiku, za kumapeto kwa nyengo, ndiponso za munthu amene anamwalira. Womasulira wothamanga, ndiponso makina omasulira a pa intaneti, amaika "mochedwa" kapena "wochedwa" paliponse pamene mawu a Chingereziwo aoneka. Zotsatira zake ndi ziganizo zonga izi:

(e) Ngoziyo inachitika mochedwa usiku.
(f) Msonkhano udzachitika mochedwa m'mwezi wa Okutobala.
(g) Sitolo yathu imatseka mochedwa.

Chiganizo (e) chikumveka ngati kuti ngoziyo inali ndi nthawi yake yoikika, ndiye inaiphonya. Mchewa amanena kuti "usiku kwambiri", "pakati pa usiku", "anthu atagona" kapena "usiku utapita". Chiganizo (f) chikulengeza kuti okonza msonkhano akonzekera kuchedwa, pamene chimene akufuna kunena n'chakuti udzachitika "chakumapeto kwa mwezi wa Okutobala". Chiganizo (g) chingamveke ngati dandaulo la antchito a m'sitolomo, pamene mwini wake akufuna kuitana ogula. Akanalemba kuti "imakhala yotsegula mpaka usiku". Za munthu womwalira sitinenanso zambiri: mawu ake ndi "malemu".

Makolo athu anagawa tsiku ndi mawu okwanira: tambala woyamba, m'bandakucha, dzuwa litakwera, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, chisisira, kunja kutada. Mawu amenewa amaloza gawo la tsiku popanda kunena kuti wina waphonya nthawi. Wolemba nkhani zopeka amene alemba kuti "mlenje anabwera mochedwa madzulo" wataya mwayi wotionetsa chisisira. Muyeso wake ndi umodzi: ngati palibe nthawi imene inkayembekezeka, "mochedwa" alibe malo m'chiganizomo. "Anagona mochedwa" ndi Chichewa chabwino chifukwa munthu ali ndi nthawi imene amagonera masiku onse. "Fisi analira mochedwa" sichimveka, pakuti palibe amene anapangana naye nthawi.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika

Wina anganene kuti izi ndi zokambirana za akatswiri a chiyankhulo okha. Koma taonani chiganizo chimene chimamveka kawirikawiri pa nkhani za uchembere: "amayi ambiri amafika kuchipatala mochedwa". Chiganizochi n'cholondola pa galamala. Vuto lake n'lakuti mwininkhani ndi "amayi", kotero womvera amasenzetsa amayiwo mlandu wonse, ngakhale kuti muonjeziyo sanatchule chifukwa. M'chaka cha 1994, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine anafotokoza kuti imfa za amayi oyembekezera zimadza ndi kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika kumeneko, ndi kuchedwa kulandira chithandizo munthu atafika kale. Wopanga mawu a zaumoyo m'Chichewa akangolemba "mochedwa" pa zitatu zonsezi, wasakaniza matenda atatu amene mankhwala ake ndi osiyana. Chichewa chingathe kuzilekanitsa. Pa choyamba tinganene kuti a pabanja anazengereza kunyamuka, ngati anazengerezadi. Pa chachiwiri tinganene kuti mayi anachedwera m'njira chifukwa cha mtunda, mtsinje wodzaza kapena kusowa galimoto. Pa chachitatu tinganene kuti anachedwetsedwa pachipatala.

Apa tikuona phindu la misintho ya mneni. "Chedwera" amatchula malo kapena chifukwa, monga m'mafunso akuti "wachedwera kuti?" ndi "wachedwera chiyani?". "Chedwetsa" amatchula wochititsa. "Chedwetsedwa" amachotsa mlandu pa wochedwayo. Muonjezi "mochedwa" sangachite ntchito zimenezi.

Pa nkhani za ulimi zilinso chimodzimodzi. "Alimi anabzala mochedwa" angabise zinthu zosiyana: mvula imene inayamba mochedwa, mbewu ndi feteleza zimene zinachedwetsedwa m'njira, matenda pakhomo, kapena mphwayi za mlimi. Mlangizi amene akulembera alimi, ndiponso mtolankhani amene akulembera dziko, atchule chimene chinachitika. Akalemba "mwachidodo" pamene vuto linali mvula, wanyoza anthu osalakwa. Akalemba "mochedwa" pamene pali ofesi imene inazengereza, waiphimba ofesiyo. Komanso pofotokoza mitundu ya mbewu, "chimanga chochedwa kucha" ndi chimene chimatenga masiku ambiri m'munda mwa chibadwa chake, pamene "chimanga chobzalidwa mochedwa" ndi chimene chinaphonya mvula yoyamba. Mlimi wowerenga kapepala ka malangizo ayenera kudziwa chimene chikunenedwa, pakuti chakudya cha banja lake chagona pamenepo.

M'zikalata za malamulo ndi m'zidziwitso za boma, pamene tsiku lomaliza limakhala loikika, ndi bwino kulitchula tsikulo. "Makalata ofika mochedwa sadzalandiridwa" amasiya wowerenga akufunsa kuti kuchedwako kukuyambira liti. "Makalata ofika tsiku lakuti litadutsa sadzalandiridwa" sasiya mpata wa mkangano.

Zimene tikupempha

Kwa olemba mabuku otanthauzira mawu ndi mabuku a sukulu, tikupempha kuti "mochedwa" apatsidwe matanthauzo awiri olekana, lililonse ndi chiganizo chake. Pansi pa tanthauzo la nthawi paikidwe "nthawi itatha", "nthawi itadutsa" ndi "m'mbuyo mwa alendo", chining'achi chitafotokozedwa kuti chimanena za mwayi wotayika. Pansi pa tanthauzo la mchitidwe paikidwe "pang'onopang'ono". Mawu monga "mozengereza", "mwachidodo", "mwamphwayi" ndi "monyinyirika" aonetsedwe kuti ndi oyandikana nawo chabe, ndipo chimene amaonjezera chitchulidwe.

Kwa aphunzitsi, tikupempha kuti funso la mawu ofanana m'matanthauzo lizifunsidwa m'chiganizo. Wophunzira akapatsidwa "mochedwa" payekha, mayankho awiri osiyana angakhale olondola, ndipo wochonga amene ali ndi yankho limodzi papepala lake adzalakwira mwana.

Kwa akonzi ndi omasulira, tikupempha kuti akakumana ndi "mochedwa" azidzifunsa mafunso atatu. Kodi pali nthawi imene inkayembekezeka? Ngati palibe, afune mawu a gawo la tsiku, la mwezi kapena la chaka. Kodi chiganizo chingamveke pawiri? Ngati chingatero, asankhe mawu a tanthauzo limodzi. Kodi wowerenga akufunika kudziwa chimene chinachedwetsa? Ngati akufunika, muonjezi achoke, m'malo mwake mulowe mneni amene atchule wozengereza, wochedwetsa kapena wochedwetsedwa.